Kodi uphungu wosiya fodya umagwira okhawo anapita patali ndi sukulu?

mchemwali_wamngono:
Abale ndithandizeni maganizo, mutu wanga waima. Achimwene anga akulu anayamba kusuta ali kamnyamata, pano chifuwa sichikuwapatsa mtendere ndiye tinawanyengerera mpaka anavomera kukalowa gulu la uphungu wosiya fodya ku chipatala. Apitako kangapo kenako zii, akuti sapitakonso. Kuwafunsa bwinobwino akuti kumeneko anawapatsa kabuku koti azilembamo nthawi iliyonse imene asuta, anali ndi ndani, komanso "mumamva bwanji mumtima". Munthu sukulu analekezera ku pulayimale, dzina amalemba, mauthenga pafoni amawerenga pang'onopang'ono, koma mpaka kulemba za mumtima tsiku ndi tsiku? Nditakumana ndi mmodzi wa alangiziwo anangoti aaa anthu osaphunzira ndi choncho, uphungu suwalowa, timangotaya nawo nthawi. Zinandiwawa kwambiri. Ndiye ndikufunsa, kodi n'zoona kuti amene sanapite patali ndi sukulu uphungu suwathandiza kusiya fodya? Kapena vuto lili ndi opereka uphunguwo?

kadzidzi77:
Mlangizi ameneyo ndi amene akufunika uphungu kkkk

chitsulo_chamoto:
Bodza limenelo chemwali. Ine sukulu ndinaithawa ndili mwana, ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, fodya ndinasiya kalekale popanda kabuku kalikonse. Bwana amene amatipatsa makontirakiti ali ndi madigiri awiri koma mpaka lero amazemba pa miting'i kukasuta kuseri kwa galimoto. Ndiye sukuluyo ili pati pamenepa?

manambala:
@chitsulo_chamoto ulemu wanu akulu, munachita bwino kusiya, koma inu ndi bwana wanuyo ndinu anthu awiri basi, pamene nkhani ngati iyi timayang'ana anthu masauzande. Ndipo tikayang'ana choncho kusiyana kulipo ndithu, tisabise. Ku America lipoti la Surgeon General, dokotala wamkulu wa boma, lonena kuti fodya amayambitsa khansa ya m'mapapo linatuluka mu 1964, nthawi imeneyo akuluakulu pafupifupi 42 pa 100 aliwonse ankasuta ndipo ophunzira ndi osaphunzira sankasiyana kwenikweni. Masiku ano ziwerengero za CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, zikusonyeza kuti mwa amene ali ndi digiri yachiwiri osuta sakwana 5 pa 100, koma mwa amene sanamalize sekondale ndi pafupifupi 20 pa 100. Uthenga unali umodzi womwewo koma ophunzira ndi amene anathawa msanga.

Koma pali kafukufuku wina wa ku England amene ndimamukonda, wa Daniel Kotz ndi Robert West, anatuluka mu 2009. Iwo anagawa anthu potengera ntchito zawo osati masitifiketi, koma mukudziwa kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Anapeza kuti anthu a pansi penipeni amayesa kusiya fodya mofanana ndi mabwana, kuchuluka kwa oyesa n'kumodzimodzi. Kusiyana kumabwera pa kupambana, a pamwamba pafupifupi 20 pa 100 anali atasiyadi pamene a pansi anali 11 pa 100. Ndiye kufuna aliyense akufuna, kuyesa aliyense akuyesa.

wokayika:
Ndiye mukuvomereza kuti mlangizi uja ananena zoona, mwangozungulira ndi manambala basi

manambala:
Ayi ndithu. Iye akuti uphungu suwalowa, kutanthauza kuti mutu ndi wouma. Manambala sakunena zimenezo. Amene sukulu anasiyira panjira nthawi zambiri amakhala woti fodya anayamba ali wamng'ono, ndudu yoyamba amayatsa atangodzuka, kunyumba akusuta kuntchito akusuta, ntchito yake ndi ija ukajomba tsiku limodzi malipiro adulidwa ndiye sangamabwere sabata iliyonse 10 koloko m'mawa kudzakhala pa benchi, ndipo mankhwala akamuvuta alibe dokotala mnzake woti amuimbire foni. Zonsezi zimayenda ndi sukulu yochepa, inde, koma pamenepa palibe chimene chikutchedwa kusamva.

nesi_wausiku:
Ine ndimagwira ku wodi ya odwala chifuwa ndipo uphunguwu ndimapereka nawo, ndiye ndiyankhulepo pang'ono. Zoti anthu sadziwa kuti fodya amapha n'zakale zimenezo. Aliyense amene ndakhala naye pansi amadziwa, ena amachita kukuuza okha kuti bambo anga anapita ndi chomwechi. Pamene pagona nkhani ndi pa tinthu ting'onoting'ono.

Tengani chingamu cha nikotini. Chimenechi sutafuna ngati chingamu wamba ayi. Umatafuna pang'onopang'ono mpaka umve kulumaluma mkamwa, kenako umachiika pakati pa tsaya ndi usinini n'kudikira, kulumako kukazilala utafunenso pang'ono, choncho choncho kwa mphindi ngati 30. Ndipo khofi kapena zakumwa za m'mabotolo osamwa kwa mphindi 15 usanayambe chifukwa asidi wake amalepheretsa nikotini kulowa bwino mkamwamo. Zonsezi zinalembedwa pa kapepala ka m'bokosi, tizilembo take toti ngakhale ine ndimachita kuvala magalasi. Munthu amene sawerenga amangochitafuna mwachangu n'kumameza malovu, kenako chilungulira, nseru, chibaba chili pomwepo. Akabwera amati mankhwala anu aja sagwira. Ife n'kulemba mufayilo kuti walephera. Walephera ndani pamenepa?

China, munthu wamkulu ukamufunsa kuti mwamva bambo? amati eya ndamva, chifukwa cha ulemu ndi manyazi. Ine funso limenelo sindifunsa. Ndimati bambo, mukafika kunyumba mayi akakufunsani kuti anesi anati chiyani mukawauza bwanji? Akamabwereza ndi pamene umaona pamene pakhota, ndipo umakonza popanda kumuchititsa manyazi.

mchemwali_wamngono:
@nesi_wausiku mwangokhala ngati munalipo. Chingamucho anapatsidwa, akuti chimawatentha pamtima anachiponya mudirowa

ticha_wopuma:
Ine ndibwere mbali ina. Ophunziranso ali ndi vuto lawolawo ndipo nthawi zina ndi lalikulu kuposa. Ndinaphunzitsa zaka zambiri ndipo anzanga osuta ndimawadziwa, munthu wophunzira ukamulangiza amayamba mtsutso. Akuuza za agogo ake amene anasuta mpaka zaka 90, akuuza kuti mpweya wa m'tawuni ndi woipa kuposa ndudu, mawa lake akutumizira ka nkhani kapa intaneti. Nzeru zija amazigwiritsa ntchito pomanga mpanda woteteza chizolowezi chake. Ndipo kukakhala pa gulu limodzi ndi anthu wamba kumati ndine wakuti ndimasuta, amaona ngati n'kudzitsitsa. Ndiye musamaganize kuti digiri ndi mankhwala.

Komabe chilungamo chake, mbiri ikusonyeza kuti ophunzira akakhutira ndi umboni amasintha msanga. Mu 1951 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill analembera makalata madokotala a ku Britain kuwafunsa za kasutidwe kawo, pafupifupi 40,000 anayankha, kenako anayamba kuwerenga kuti akumwalira ndani ndipo ndi chiyani. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 1954 ndipo madokotala aja ataona kuti maliro akunenedwawo ndi a anzawo enieni, ambiri anataya fodya dziko lonse lisanadzuke. Doll mwini wake ankasuta, anasiya ataona zimene kafukufuku wake ankatulutsa. Patatha zaka 50, mu 2004, anapeza kuti wosuta moyo wake wonse amataya zaka ngati 10, koma wosiya ali ndi zaka 30 amapulumutsa pafupifupi zonse, wosiya pa 50 amapulumutsa 6, ngakhale pa 60 amapulumutsabe 3.

wokayika:
Nanga madokotala amene amasuta mpaka lero? Ku China madokotala aamuna ambirimbiri ankasuta kafukufuku wa Doll atatuluka kalekale. Sanawerenge?

ticha_wopuma:
N'chifukwa chake ndati digiri si mankhwala mwana wanga. Kumene anthu onse okuzungulira akusuta ndipo kupatsana ndudu ndi ulemu, kudziwa kokha sikukwanira.

wa_yunivesite:
Ndiponyepo kena kamene kanandizunguza mutu nditakawerenga. Akatswiri awiri a zachuma, Phillip Farrell ndi Victor Fuchs, mu 1982 anayang'ana anthu a ku California n'kupeza kuti kusiyana kwa kasutidwe pakati pa amene anadzapita ku koleji ndi amene sanapite kunalipo kale ali ndi zaka 17, onse akadali m'kalasi imodzi. Ndiye si zimene anakaphunzira ku koleji zimene zinawaletsa kusuta, chifukwa anali asanapiteko n'komwe. Pali china chake chimene chimakankha zonse ziwiri, kaya ndi banja limene wachokera, kaya anzako, kaya kukhala ndi chiyembekezo choti tsogolo lilipo loti n'kulisungira mapapo. Ena anatsutsa pambuyo pake kuti sukulu payokha imathandizabe, mkanganowo ulipo mpaka pano, koma ine zinandiphunzitsa kuti mlangizi akafunsa kuti sukulu munafika pati sakuyeza nzeru za munthu, akuyeza moyo umene wadutsamo.

kadzidzi77:
Akulu akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, inu mukuti munthu aganize za zaka 10 zakutsogolo kkkkk

mayi_atatu:
@kadzidzi77 mukuseka koma mwalasa. Amuna anga ukawauza za khansa ya zaka 20 zikubwerazo amangoti tonse tidzafa. Tsiku limene mwana wathu wamng'ono anagonekedwa ndi chifuwa chobanika ndipo adokotala anafunsa kuti kunyumba alipo amasuta, anangoti zyoli. Kuyambira pamenepo m'nyumba sasutiramonso. Kusiyiratu sanasiye koma ndi poyambira.

ka_IT:
Guys bwanji osangowagulira vepu, ndudu yamagetsi ija, achimwenewo nkhani ithe? Ine inandithandiza, ndudu sindiyigwiranso

chitsulo_chamoto:
Wasiya fodya kapena wangosintha paipi aise?

ka_IT:
Utsi ndi umene umapha man osati nikotini, ngakhale Michael Russell ananena kalekale mu 1976 kuti anthu amasutira nikotini koma chimawapha ndi phula la mu utsi. Ku England a zaumoyo amachita kulimbikitsa osuta kuti asinthire ku vepu

nesi_wausiku:
Ku England inde, koma India inaletsa mavepu mu 2019, ku Australia amagulitsidwa m'mafamase okha, ndipo WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, sinawaike pa mndandanda wa njira zimene imalimbikitsa. Maiko sakugwirizana pa nkhaniyi. Chimene ndimaona ine ndi anthu ogwiritsa zonse ziwiri, vepu muofesi ndudu kunyumba, amenewo sanapulumuke chilichonse.

wokayika:
Ndipo ana asukulu amene sanasutepo n'komwe ayamba ndi mavepu omwewo onunkhira zipatso

adimini:
Abale nkhani ya vepu tinakambirana kale ndipo inathera pa kutukwanana, tisayambirenso. Funso la chemwali ndi la uphungu ndi sukulu. Tibwerere.

dalaivala_wa_loli:
Ine ndinene zanga. Sukulu ndinafika sekondale koma sindinamalize. Uphungu ndinapitako, mayi wake anali wabwino ndithu, anandiuza kuti chibaba chikabwera ndizipuma mozama, ndizimwa madzi, ndizipita kokayenda. Kokayenda kuti ndili pa chiwongolero usiku wonse? Pa boda timadikira masiku, anzanga onse akusuta, tulo tikabwera pa msewu chimene umadziwa ndi ndudu. Malangizo aja anapangira munthu wa muofesi amene ali ndi nthawi ya lanchi. Chimene chinandithandiza ine ndi pamene wothandizira wanga, amene timayenda limodzi m'galimoto, anati nayenso akusiya chifukwa mkazi wake ndi woyembekezera. Tinagwirizana kuti mu kabini mulibe laitala, mulibe machesi. Wina akayamba kulusa mnzake amangodziwa kuti ndi chibaba osati chidani. Sabata yoyamba tinatsala pang'ono kumenyana pa nkhani ya wailesi.

manambala:
@dalaivala_wa_loli zimene mwanenazo zinayezedwapo. Nicholas Christakis ndi James Fowler mu 2008 anaunika mbiri ya zaka 32 ya anthu oposa 12,000 a mu kafukufuku wa ku Framingham ku America, anapeza kuti anthu amasiya fodya m'magulumagulu osati payekhapayekha. Mkazi kapena mwamuna wako akasiya mwayi woti iwe upitirize kusuta umatsika ndi 67 peresenti, akasiya mnzako 36 peresenti, m'bale wako 25 peresenti. Ndipo anaonanso kuti mabwenzi ophunzira amakokana kwambiri kuposa amene sukulu ndi yochepa. Ndiye wophunzira akatuluka m'chipinda cha uphungu amabwerera kwa anthu amene ambiri anasiya kale, winayu amabwerera kumene aliyense akumupatsa ndudu. Mlangizi ali naye mphindi 30 pa sabata, anzake ali naye maola onse otsalawo.

mtumiki_wachete:
Musaiwale pemphero abale. Ine ndaona anthu osadziwa ngakhale kulemba dzina atamasulidwa tsiku limodzi

wokayika:
Ndipo ndaona ena atamasulidwa Lamulungu, Lachitatu ali pa ndudu

mayi_atatu:
Musanyoze. Olo mutakhala osakhulupirira, munthu akalowa mpingo amapeza anzake atsopano osasuta, amamuyendera, amamufunsa. Si zomwe a manambala angonena kumene?

phungu_wodzipereka:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma ndiyankhe chemwali mwachindunji chifukwa ntchito imeneyi ndimaigwira. Yankho ndi lakuti uphungu umagwira kwa amene sanapite patali ndi sukulu, bola upangidwe moganizira iwowo, ndipo umboni ulipo.

Ku Pakistan gulu la Kamran Siddiqi linayesa pa anthu amene ankabwera ku zipatala zazing'ono akuganiziridwa TB, kafukufuku wake anatuluka mu 2013. Sanawapatse mabuku oti akalembe kunyumba. Wazaumoyo ankakhala nawo pansi ndi bukhu la zithunzi lotembenuza, kukambirana kwa mphindi ngati 30, kusankha tsiku losiya, kenako kukumananso mwachidule pa tsikulo. Patatha miyezi 6, mwa amene analandira uphunguwu pafupifupi 41 pa 100 anali asakusuta, pamene mwa amene anangolandira chithandizo cha nthawi zonse anali osakwana 9 pa 100. Inde anali anthu oti akudwala ndipo mantha analipo, koma mantha omwewo analinso ndi gulu linalo.

Ku England anapanga webusaiti yotchedwa StopAdvisor, ndipo poipanga ankaiyesa dala ndi anthu a ntchito zamanja ndi a sukulu yochepa, kuwafunsa kuti apa mwamva, apa pakusokonezani? Zotsatira zitatuluka mu 2014 zinadabwitsa, inathandiza anthu a pansiwo koma kwa a pamwamba sinasinthe kanthu poyerekeza ndi tsamba wamba la malangizo. Ndiye mukaona pulogalamu ikuthandiza ophunzira okha, funsani kuti anaipanga ndani ndipo anaiyesa pa ndani.

Ine chida chimene ndimachidalira kwambiri ndi kamakina kopumira koyeza carbon monoxide, mpweya woipa wa mu utsi wa fodya. Munthu amakoka mpweya, kuugwira masekondi 15, n'kuuzira pang'onopang'ono mu kapaipi. Wosuta kwambiri nambala imakwera mpaka 20 kapena 30 ndipo kanyali kamayaka kofiira. Akangosiya tsiku limodzi kapena awiri imagwa pansi pa 10, kanyali n'kusintha. Ndinali ndi bambo wina mlonda, mawu ochepa, sankayankha mafunso anga ambiri ndipo ndinkaona ngati sakundimvera. Tsiku limene anauzira kanyali n'kuyaka kobiriwira anakatenga kamakinako m'manja mwanga, kukayang'anitsitsa, n'kuti ndiuzirenso kaye mwina kalakwitsa. Anauziranso. Kenako anandipempha kuti ndijambule pafoni yake akaonetse mwana wake wamkazi. Palibe ndime ya m'buku imene ikanachita zimenezo, ndipo ndakaonapo kakugwira chimodzimodzi kwa maloya.

mchemwali_wamngono:
Eeh zikomo kwambiri. Ndiye ine ndipange bwanji panopa, ndiwabwezere komweko? Akuti akachita manyazi chifukwa anayambiranso kusuta ndipo kabuku kaja n'kosalemba

phungu_wodzipereka:
Kuyambiranso si chachilendo chemwali, ambiri amene anasiya anagwapo kangapo asanaime. Osiya okha popanda thandizo lililonse amene amafika chaka ndi 3 mpaka 5 pa 100 basi, ndiye asadzione ngati ndi ofooka. Pitani nawo limodzi ngati angalole, mukapemphe mlangizi wina, ndipo mukanene poyera kuti za kulemba ayi tiyeni tizikambirana pakamwa. Kabuku kaja cholinga chake n'chongofuna kudziwa nthawi zimene chibaba chimabwera, zimenezo munthu akhoza kungofotokoza, kapena kusunga zotsalira za ndudu m'botolo tsiku limodzi n'kuwerenga madzulo, kapena kukutumizirani voisi pafoni. Funso limodzi lofunika muwafunse ndi ili, akadzuka m'mawa pamatha nthawi yaitali bwanji asanayatse yoyamba? Limachokera pa mayeso a Karl Fagerström oyezera mmene nikotini wagwirira munthu. Ngati ndi mkati mwa mphindi 30, makamaka mphindi 5, thupi linagwidwa kwambiri ndipo uphungu wokha ndi wovuta, pamafunika ndi mankhwala omwe. Malangizo a WHO a 2024 amatchula nikotini wa chingamu kapena chigamba chomata pakhungu, varenicline, bupropion ndi cytisine, ndipo amati kuphatikiza mankhwala ndi uphungu ndiye kumathandiza koposa. Koma oti asankhe ndi adokotala chifukwa mwati chifuwa chikuwavuta kale, akayezedwe kaye.

nesi_wausiku:
Pa cytisine ndiwonjezere chifukwa ndi chitsanzo china cha zomwe tikukambazi. Mankhwalawa ndi akale, ku Bulgaria anayamba kuwagwiritsa ntchito m'ma 1960, ndipo ndi otsika mtengo kuposa enawo. Koma kamwedwe kake mayo ine. Masiku 3 oyamba piritsi limodzi maola awiri aliwonse, 6 pa tsiku. Kuyambira tsiku la 4 mpaka 12 maola awiri ndi theka aliwonse, 5 pa tsiku. Kenako 4, kenako 3, kenako 1 kapena 2, mpaka tsiku la 25. Tandiuzani, ngakhale wa digiri angasunge zimenezi pamutu? Ine ndimajambula mizere pa pepala, bokosi lililonse tsiku limodzi ndi timadontho ta mapiritsi, munthu azingodula kadontho akamwa, kapena timaika ma alamu pafoni pompo tili limodzi. Ndipo pepala limeneli ndimapatsa aliyense, sindiyamba ndafunsa za sukulu. Aphunzitsi ndi ma akauntanti amalilandira mokondwa kuposa wina aliyense.

wa_yunivesite:
Palinso njira ija yopereka mphoto. Ku Glasgow anayesa pa amayi oyembekezera osuta, ambiri ochokera m'madera osauka, kuwapatsa mavocha ogulira zinthu ofika £400 akamapita ku uphungu ndi kutsimikizika kuti asiya. Zotsatira za 2015, 22.5 peresenti anasiya poyerekeza ndi 8.6 peresenti mwa amene analandira uphungu wokha. Ku America kampani ya General Electric inayesanso ndi $750 pa antchito ake, osiya anachuluka pafupifupi katatu.

chitsulo_chamoto:
Ndiye ife tinasiya ulere tikatenge kuti zathu? Kulipira munthu kuti asadziphe yekha, dziko lapita

wokayika:
Apa ndiye ndigwirizana ndi achitsulo koyamba. Ndalama ikatha abwerera

wa_yunivesite:
Ena amabwerera inde, koma ku General Electric anawayezanso patapita miyezi ndalama zitasiya kuperekedwa ndipo gulu la mphoto linali patsogolobe. Komanso werengerani mtengo wosamalira mwana wobadwa masiku asanakwane, vocha ija ndi yochepa. Kwa ine chimene chikuoneka apa n'chakuti phindu la pompopompo limagwira munthu amene moyo wake ndi wa lero ndi lero, monga mayi_atatu ananenera.

ticha_wopuma:
Mawu akuti moyo wa lero ndi lero muwasamale achinyamata inu, angamveke ngati mukunena kuti osauka saganiza za mawa. Amaganiza kwambiri, kungoti mawa lawo ndi lendi ndi fizi ya ana osati penshoni. Phungu wanzeru amayambira pomwepo, kuwerengera limodzi ndi munthuyo kuti ndalama ya ndudu pa mwezi ikanalipira chiyani. Masamu amenewo wogulitsa pamsika amawachita pamutu msanga kuposa ine.

manambala:
Ndipo mbali imeneyi ndi imene kafukufuku amagwirizana kwambiri, kukweza msonkho wa fodya kumachepetsa kusuta pakati pa opeza zochepa kuposa olemera. Zithunzi zoopsa pa mapaketi, zimene Canada inayamba mu 2001, nazonso sizifuna kuti munthu adziwe kuwerenga. Uthenga wa zilembo zokhazokha ndi umene umasiya anthu m'mbuyo.

dalaivala_wa_loli:
Zithunzizo anzanga amangosankha paketi ya chithunzi cha mano, akuti bola imeneyo kusiyana ndi ya mapapo kkkk

mayi_atatu:
Funso langa kwa anesi, amuna anga akuti akasiya anenepa ndipo sagona tulo, anayesapo zinawachitikira. Ndi zoona kapena ndi kuzemba chabe?

nesi_wausiku:
Ndi zoona mayi, musawatsutse. Nikotini amachepetsa chilakolako cha chakudya ndiye akachoka munthu amadya kwambiri, ambiri amawonjezera makilogalamu 4 kapena 5 m'chaka choyamba, ena ochepa ena ochulukirapo. Kusowa tulo, kupsa mtima ndi kusakhazikika zimafika pachimake m'sabata yoyamba ndipo zimazilala pakatha masabata 2 mpaka 4. China chimene ambiri sauzidwa, utsi wa fodya umapangitsa thupi kuchotsa kafini msanga, ndiye munthu akasiya kusuta koma khofi akumwa muyezo womwe uja amakhala ngati wamwa kawiri, n'chifukwa chake tulo timathawa. Achepetse khofi makamaka madzulo. Ngati akugwiritsa chigamba cha maola 24 ndipo akulota maloto odabwitsa akhoza kuchimatula pogona. Ndipo ngati pali mankhwala ena amene amamwa tsiku lililonse auze adokotala kuti akusiya fodya, chifukwa ena muyezo wake umafunika kusintha.

kadzidzi77:
Nanga fodya wa m'mphuno ndi wotafuna uja? Agogo anga aakazi amati iwo sasuta ndiye sizikuwakhudza

nesi_wausiku:
Zikuwakhudza, nikotini ndi yemweyo ndipo chibaba chake n'chimodzimodzi, kungoti kamakina ka a phungu kaja sikangawagwire chifukwa palibe utsi. Kwa iwo timayang'ana mkamwa, usinini ndi m'masaya ngati muli zilonda kapena timawanga toyera tosachoka. Mukawatengere akaonedwe, ndipo mukawauze kuti tikukaonetsa mano, mukatchula za fodya pakhomo sanyamuka.